Filimu ikatha, mkangano umayamba

Pa 1 Malichi 2019, kampani ya Netflix idatulutsa filimu yotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, yofotokoza za William Kamkwamba, mnyamata wa kwa Wimbe ku Kasungu amene adapanga makina opukusidwa ndi mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotola kudzala ndi njinga ya bambo ake. Kunja adailandira ndi manja awiri. Mu Januwale chaka chomwecho idali itapata kale mphotho pa chikondwerero cha mafilimu cha Sundance ku America, ndipo pambuyo pake dziko la Britain lidaisankha kuti ikaliimirire pa mpikisano wa Oscar. China mwa zimene azungu adachita nazo chidwi n'chakuti anthu a m'filimumo amayankhula Chichewa nthawi zambiri, osati Chingerezi chokhachokha.

Kuno kumudzi makutu adamva zina. Amene adaionera, ambiri mwa iwo pa foni kapena pa kompyuta ya mnzawo popeza Netflix si ya aliyense, adayamba kutumizirana tizidutswa take kwinaku akufa ndi phwete. Chichewa chake chidali cha mlendo. Chiwetel Ejiofor, amene adawongolera filimuyi n'kuseweranso ngati bambo a William, adabadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria. Maxwell Simba, wosewera ngati William, kwawo ndi ku Kenya. Aïssa Maïga, amene adatenga mbali ya mayi, adabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Onsewa adachita kuphunzira Chichewa chifukwa cha ntchito imeneyi, ndipo pena mawu amatuluka opotoka moti munthu woyamwira chinenerochi amafika pothandizidwa ndi Chingerezi cholembedwa m'munsi mwa kanema kuti amve zimene zikunenedwa. Khutu limapumako akatsegula pakamwa Lily Banda, amene adasewera ngati Annie, mlongo wake wa William, chifukwa iyeyo ndi mwana wa konkuno.

Anthu adagawikana. Ena amati dziko lili ndi akatswiri a zisudzo osasowa, nanga n'chifukwa chiyani mbali zikuluzikulu zidapita kwa alendo? Ena amayankha kuti popanda dzina la Ejiofor, amene dziko lonse lidamudziwa mu 12 Years a Slave, ndalama zojambulira sizikadapezeka, ndipo nkhani ya mwana wa ku Kasungu ikadathera m'buku. Amakumbutsanso kuti munthuyo akadafuna akadakajambulira ku South Africa kapena ku Kenya monga amachitira ena, koma adabwera ku Kasungu kwenikweni, n'kujambula fumbi lake, minda yake ya fodya ndi gule wamkulu. Paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. A mbali yoyamba ija sadagonje: kalumo kakhale kakuthwa, komabe mutu wometedwawo ndi wathu.

Mbali zonsezi zidali ndi mfundo, ndipo n'chifukwa chake mkanganowo udakoma. Palibe amene adangoti filimuyo ndi yabwino kapena yoipa n'kukhala chete. Aliyense amaloza chinthu: katchulidwe ka mawu akutiakuti, moni amene mwana wa kumudzi sangapereke choncho kwa bambo ake, kapena malo amene adamugwetsa misozi. Amene adali ndi nzeru kale m'nthawi ya njala ya 2001 mpaka 2002, imene filimuyo ikuonetsa, sadataye nthawi yambiri pa katchulidwe. Iwo amakamba za chithunzi cha anthu akukanganirana chimanga pa msika wa boma, za banja likudya kamodzi patsiku, za ana osiya sukulu chifukwa chosowa fizi. Kwa iwo zimenezo sizidali zisudzo. Adaziona ndi maso, ena adadya gaga ndi nthochi zosakhwima kuti afike pa masika.

Padalinso kagulu kachitatu, kochepa koma kovuta kukatsutsa: amene adawerenga buku. William adalilemba pamodzi ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer, ndipo lidatuluka mu 2009. Owerengawo amadziwa kuti filimu idasintha nkhani. M'filimu, makina a mphepo aja akupopa madzi pachitsime n'kupulumutsa mudzi njala ili pakati. M'buku, William adawapanga njala yoopsayo itadutsa, ali ndi zaka 14, ndipo ntchito yake yoyamba idali kuyatsa babu m'chipinda chake, kenako mababu angapo ndi wailesi. Zopopa madzi zidabwera patapita zaka, atayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007 n'kupeza omuthandiza. Wopanga filimu adafuna mathero ogwira mtima, ndipo madzi akutuluka pa nthaka youma amaoneka bwino pa kanema kuposa babu mmodzi. Koma wowerenga amadandaula kuti chataika ndi chinthu chokoma kwambiri m'bukumo: kuuma mutu kwa mnyamata amene anthu amamuyesa wamisala, akungobwereka buku lotchedwa Using Energy mu kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale, Chingerezi chake chosakwanira, akumvetsa zinthu poyang'ana zithunzi.

Mkangano wotere si wa masiku a Netflix okha. Ku Malawi nyimbo, filimu kapena buku zimayenda ndi pakamwa. Nyuzipepala zimalemba za zaluso kumapeto kwa sabata, mawailesi ali ndi mapologalamu ake, koma chigamulo chenicheni chimaperekedwa mu minibasi, mometera tsitsi, pa bawo, m'saluni ndi pa benchi la wogulitsa tchipisi. Funso limakhala lalifupi: waimva, waionera? Wofunsidwayo akati ayi, mnzake amayamba kufotokoza, ndipo kafotokozedwe kakeko ndi kamene kamagulitsa kapena kupha chinthucho.

Amene adakulira pafupi ndi nyumba za vidiyo sho, ku Ndirande, ku Kawale, ku Chinsapo kapena pa msika uliwonse wa kumudzi pamene pali jenereta, amadziwa mmene zimakhalira. Mwana mmodzi amene adali ndi ndalama yolowera amatuluka n'kufotokozera anzake asanu filimu yonse, akuchita kuonetsa ndi manja ndi miyendo mmene katswiri adamenyera adani. Mawa lake asanu aja amakhala atapeza ndalama. Pambuyo pake kudabwera anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, amene amayankhula pamwamba pa mawu a filimu ya ku China, ku India, ku Nigeria kapena ku America. Kumasulira kwawo si kwa liwu ndi liwu ayi. Amatcha osewera maina a kuno, amasandutsa mzinda wa kutali kukhala Limbe, amaponyamo nthabwala, amanyoza wopusa ndi kuchenjeza amene akufuna kuphedwa. Kunena zoona, womasulirayo amakhala akupereka maganizo ake pa filimuyo iyo ili mkati. Ndiye anthu akapita kwa obena mafilimu ndi nyimbo pa memori khadi, ambiri safunsa kuti filimuyo adapanga ndani. Amafunsa kuti wamasulira ndani.

Ophunzira ena amanyoza zimenezi, amati n'kuononga ntchito ya eni ake, ndipo pa nkhani ya umwini wa luso akunena zoona. Komabe agogo amene sadapite kusukulu amatha kutsatira filimu ya ku Korea mpaka kumapeto n'kutsutsana ndi adzukulu awo za khalidwe la mpongozi wa m'filimumo. Palibe nyumba ya kanema ya m'tauni imene idakwanitsapo zotere.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mafilimu opangidwa ndi Amalawi eni ake salowa kawirikawiri m'macheza amenewa. Shemu Joyah adapanga Seasons of a Life, kenako The Last Fishing Boat mu 2012, ndi The Road to Sunrise mu 2017. Yomalizayi, yonena za amayi awiri oyendayenda mu mzinda wa Blantyre, idapambana mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice ku Nigeria mu 2018 ngati filimu yabwino koposa ya kum'mwera kwa Africa, ndipo idali yoyamba kutumizidwa ndi Malawi ku mpikisano wa Oscar. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake mphotho ya ku Nigeria yomweyo idapita kwa Joyce Mhango Chavula chifukwa cha filimu yake yotchedwa Lilongwe. Anthu ambiri adamva za mphothozo pa wailesi, adanyadira, koma ukawafunsa za nkhani ya m'filimumo amangoti kakasi. Mwini filimu amaopa kuitulutsa mwachisawawa chifukwa ikangofika kwa obena, ndalama zake zapita. Akaisunga, anthu saiona. Motero filimu imatchuka dzina, nkhani yake osadziwika, ndipo munthu sangakangane za chinthu chimene sadachione.

Nyimbo zilibe vuto limenelo. Zimakupeza wekha, ufune usafune, pa ukwati, pa maliro, m'golosale, mu basi ya ku Mzuzu imene dalaivala wake amakonda chimbale chimodzi ulendo wonse. N'chifukwa chake pa nyimbo aliyense ndi katswiri.

Kwa zaka zambiri mkangano waukulu udali wa Balaka ndi Chileka. Ku Balaka kudali Alleluya Band ndi situdiyo ya Paul Banda, kumene kudachokera kaimbidwe kofewa kamene kadadzaza makaseti m'zaka za m'ma 1990, ndipo mng'ono wake Lucius Banda adakatengera patali ndi nyimbo zodzudzula olamula mpaka anthu adamutcha Soja. Ku Chileka kudatuluka Evison Matafale ndi Black Missionaries, ndi rege yolemera, ya mawu a ulosi. Matafale adamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi, atangotulutsa zimbale ziwiri zotchedwa Kuimba 1 ndi Kuimba 2, ndipo gulu lake lidapitiriza kuwerenga manambala a Kuimba kuchokera pamenepo. Mpaka lero okonda Black Missionaries amatsutsana kuti Kuimba yokoma koposa ndi nambala chani, ndiponso ngati gululi lidafikaponso pa mlingo wa mwini wake. Wina amati mawu a Matafale palibe adawalowa m'malo. Wina amati Musamude Fumulani, amene adatsogolera gululi mpaka imfa yake mu 2007, adali ndi kukoma kwakekwake kumene anthu sakuyamikira mokwanira. Mikangano yotere siitha, ndipo eni ake safunanso kuti ithe.

Lucius Banda atamwalira ku South Africa pa 30 Juni 2024, macheza a masiku amenewo adaonetsa chinthu china chokhudza mmene anthu amakambira nyimbo. Ochepa okha ndi amene amakamba za kaimbidwe ka gitala kapena kajambulidwe. Ambiri amatchula nyimbo n'kunena kumene adali ataimva koyamba: ku sekondale yogonera komweko, pa ulendo wopita ku Joni, m'chaka chimene bambo awo adachotsedwa ntchito. Munthu akamati nyimbo iyi ndi yabwino, nthawi zambiri amakhala akukuuza mbiri ya moyo wake, ndipo kumutsutsa mosasamala n'kumuponda pachilonda.

Nkhani ya Giddes Chalamanda ndiyo idasonyeza mphamvu ya pakamwa m'nyengo ya mafoni. Mkuluyu adabadwa mu 1930 ku Chiradzulu, ndipo waimba ndi gitala wake kwa zaka zochuluka kuposa zimene oimba ambiri a lero akhala ndi moyo. Mu 2020, ali ndi zaka 90, Patience Namadingo adakhala naye pansi n'kuimba naye nyimbo zake zakale mosakaniza, pa kamvekedwe ka rege, monga adachitiranso ndi Lucius Banda, Billy Kaunda ndi Black Missionaries. Patapita chaka ndi miyezi, kachigawo ka nyimbo ya Giddes yotchedwa Linny Hoo kadafalikira pa TikTok, ndipo anthu a ku Asia, ku Ulaya ndi ku America, osamva ngakhale liwu limodzi la nyimboyo, adayamba kuvina ndi kujambula mavidiyo awo. Padalibe kampani yaikulu imene idalipira kuti zitero. Wina adaikonda, adatumizira mnzake, mnzakeyo adatumiziranso wina.

Kuno nkhaniyo idabala mafunso awiri. Loyamba lidali la ndalama: anthu mamiliyoni akumvera, nanga agogowo chikulowa m'thumba mwawo n'chiyani? Apa dzina la COSOMA, bungwe loteteza umwini wa luso limene lidayamba ntchito mu 1992, lidamveka m'kamwa mwa anthu amene kale sankalilabadira. Lachiwiri lidali lochititsa manyazi pang'ono. Nyimboyo idalipo kuyambira kale. Achinyamata ambiri a m'tauni amaiona ngati ya azigogo, mpaka pamene alendo adaivina.

Si koyamba kuti khutu la kunja ndi la kuno zisiyane. Mu 2013 wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, adalowa m'ndende ya Zomba n'kujambula akaidi akuimba. Chimbale chake, I Have No Everything Here, chidasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho za Grammy za 2016, koyamba m'mbiri ya Malawi, ngakhale mphothoyo idapita kwa Angélique Kidjo wa ku Benin. Amalawi ambiri adamva nkhaniyo asanamvepo nyimbo ngakhale imodzi ya m'chimbalemo. Chimodzimodzi Madalitso Band, anyamata awiri amene ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni wopanga okha: adakaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenako m'maiko a ku Ulaya, pamene kwawo anthu ankangowadutsa. Alendo amafuna chimene sangachipeze kwawo, mawu osakonzedwa ndi makina ndi zoimbira za manja. Wachinyamata wa ku Area 25 amafuna nyimbo yomveka ngati ya ku Lagos kapena ku Johannesburg koma ya m'chinenero chake, n'chifukwa chake amathamangira Eli Njuchi, Driemo kapena Onesimus. Kunena kuti mmodzi mwa awiriwa ndiye wodziwa nyimbo n'kulakwitsa. Koma mtolankhani kapena woulutsa mawu amene amangodikira kuti akunja ayambe ayamikira ndiye walephera ntchito yake.

Achinyamata amene lero amanyoza nyimbo ya nduna kapena kuseka filimu poyera mwina sadziwa kuti ufulu umenewu ndi wa dzulodzulo. Lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisangalalo lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi bungwe lake linkaletsa mabuku, kudula mafilimu ndi kuchotsa nyimbo pa wailesi. Kunena kuti buku lakutilakuti landikomera kunkafuna kuyamba wayang'ana uku ndi uku. Ngakhale zidali choncho, ku Chancellor College kudabadwa gulu la alembi mu 1970, limene linkakumana kuwerengerana ndakatulo ndi nthano n'kumadzudzulana mosapsatira. M'gululi mudadutsa anthu ngati Jack Mapanje, Steve Chimombo, Lupenga Mphande ndi Frank Chipasula. Buku la Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidasindikizidwa ku London mu 1981, lidachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu a kuno, ndipo mwini wake adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Alembi amphamvu kwambiri amene dziko lino lidakhala nawo adakulira m'chipinda chimene anthu ankauzana zoona za ntchito zawo.

Lero palibe amene angamangidwe chifukwa chokamba za buku, koma macheza a mabuku ndiwo aphwa kuposa onse. Mukayambitsa nkhaniyi pagulu, posachedwa imasanduka chikumbutso cha kusukulu. Wina atchula Nthondo wa Samuel Josia Ntara, buku limene lidapambana mpikisano wa zolemba za m'zinenero za mu Africa n'kusindikizidwa mu 1933, kenako T. Cullen Young n'kulimasulira m'Chingerezi. Wina akumbuka Kukula ndi Mwambo ndi Sikusinja ndi Gwenembe a John Gwengwe, wina Njala Bwana wa Willie Zingani, wina mabuku a Jolly Max Ntaba. Nkhope zimawala, anthu amakumbutsana maina a m'nkhanizo ndi aphunzitsi amene ankawawerengera. Koma funsani buku la Chichewa limene munthu wawerenga chaka chino mwa kufuna kwake, osati chifukwa cha mayeso. Pamakhala bata.

Zifukwa zake n'zosabisika. Buku latsopano mtengo wake umapikisana ndi wa ufa ndi ndiwo. Osindikiza amathamangira mabuku a pa silabasi chifukwa ndiwo ali ndi msika wotsimikizika. Wolemba nthano amasindikiza yekha makope ochepa, amachita mwambo wokhazikitsa buku pa hotela, abale ndi anzake amagula pomuchitira ulemu, ndipo nkhani imathera pomwepo. Amene agulawo kawirikawiri sanena ngati lawakomera kapena ayi, poopa kukhumudwitsa mnzawo. Woimba amadziwa tsiku lomwelo ngati nyimbo yake yagwira, chifukwa anthu amavina kapena amakhala pansi. Wolemba amangomva kuti mwachita bwino achimwene, ndipo sadziwa ngati bukulo lidatsegulidwa n'komwe.

Mbali imodzi yokha ya zolemba ndi imene idapulumuka, ndiyo ndakatulo, ndipo idapulumuka chifukwa idachoka pa pepala n'kulowa m'khutu. Benedicto Wokomaatani Malunga, amenenso adamasulira Things Fall Apart ya Chinua Achebe kukhala Chipasupasu, adazoloweretsa anthu kumva ndakatulo ya Chichewa ikulakatulidwa pa wailesi. Obwera pambuyo pake, monga Robert Chiwamba, amajambula ndakatulo zawo mu situdiyo ngati oimba, ndipo zimayenda pa mafoni ndi m'maminibasi. Chiwamba atatulutsa Flames Sidzamva, yonena za timu ya mpira ya dziko lino, anthu adaikambirana ngati mmene amakambira nyimbo yatsopano: ena amati wanyoza dziko, ena amati wangonena zimene aliyense amanena timuyo ikagonja. Ambiri mwa otsutsanawo sadagulepo buku la ndakatulo chibadwire.